Manja Akamayabwa M'magolovesi, Tichite Chiyani?

Anzathu achinyamata, phunziro la ulendo uno likukhudza magolovesi. Ena mwa inu mumathandiza nawo magulu osamalira odwala kumudzi. Ena muli ndi makolo, achemwali kapena achimwene amene ndi anamwino, azamba, alangizi a zaumoyo kapena okolopa m'zipatala, ndipo ena mukufunitsitsa kudzagwira ntchito zimenezi mukamaliza sukulu. Nonsenu munaphunzitsidwa kuti pogwira magazi, mafinya kapena zilonda za munthu wina aliyense tizivala magolovesi. Malangizo amenewa ndi oona ndipo sanasinthe.

Koma alipo anthu ena amene thupi lawo limadana ndi labala amene amapangira magolovesi ambiri. Akangovala, manja amayabwa ndi kutupa, ena mpaka kubanika. Munthu wotere akasowa womulangiza amachita chimodzi mwa zinthu ziwiri. Amapirira mpaka khungu la m'manja kung'ambika, kapena amangosiya kuvala n'kumagwira magazi ndi manja opanda kanthu. Zonse ziwirizi zimapereka mpata kwa kachirombo ka HIV komanso tizirombo toyambitsa matenda a chiwindi. Chimene munthuyu akufunika ndi kusintha mtundu wa magolovesi, osati kusiya kudziteteza. Kuti athe kusankha bwino, ayenera kudziwa chimene chikumuwenga.

Kodi latex ndi chiyani?

Latex ndi utomoni woyera ngati mkaka umene umatuluka akacheka khungwa la mtengo wa labala. Mtengowu kwawo ndi ku nkhalango za Amazon ku South America, ndipo akatswiri a zomera amautchula kuti Hevea brasiliensis. Masiku ano umalimidwa kwambiri ku Thailand, Indonesia, Vietnam ndi Côte d'Ivoire. Kwathu kuno, amene anadutsapo msewu wa pakati pa Chintheche ndi Nkhata Bay anaiona mitengoyi ku esiteti ya Vizara itandandalika m'mizere, ndipo mwina anagulako mpira wodumpha umene anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewuwo.

Ku fakitale utomoniwu amausakaniza ndi mankhwala ena olimbitsa, amaviikamo zikombole zooneka ngati dzanja la munthu, kenako amaziumitsa mu uvuni. Magolovesi ambiri amene timawaona m'zipatala amapangidwa ku Malaysia, Thailand ndi China. Ndi utomoni womwewu amapangiranso mabaluni, makondomu ambiri a abambo, timachubu tina totulutsira mkodzo kwa odwala, malamba ena omangira mkono potenga magazi, ndi nsonga zina za mabotolo oyamwitsira ana.

Latex si poizoni. Ndi wolimba, amatanuka bwino, amagwira dzanja moti namwino amamva mtsempha wa wodwala ngakhale atavala, ndipo kachirombo ka HIV sikadutsa. Anthu ochuluka amatha kumugwiritsa ntchito moyo wawo wonse popanda vuto. Koma poti anachokera ku mtengo wamoyo, amakhala ndi mapuloteni achilengedwe. Akatswiri anapeza mitundu 15 ya mapuloteniwa imene imatha kuwenga munthu, ndipo anaipatsa mayina kuyambira Hev b 1 mpaka Hev b 15. Gwero la nkhani yathu ndi mapuloteni amenewa.

Edzi ndi kuchuluka kwa magolovesi

Chodabwitsa n'chakuti magolovesi a m'chipatala sanayambe pofuna kuteteza wodwala ayi. Anayamba chifukwa cha manja a namwino. Cha m'ma 1889, pa chipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America, namwino wothandiza pa opaleshoni dzina lake Caroline Hampton anavutika ndi khungu la m'manja chifukwa cha mankhwala amphamvu ophera tizirombo amene ankaviikamo manja. Dokotala wa opaleshoni William Halsted anapempha kampani ya Goodyear kuti imupangire magolovesi opyapyala a labala. Magolovesiwo anathandizadi, ndipo mu 1890 awiriwo anakwatirana. M'kupita kwa zaka madokotala anaona kuti mabala a odwala satukusira kawirikawiri ngati ochita opaleshoni avala magolovesi, choncho chizolowezicho chinafala.

Kwa zaka zambiri nkhani yowengedwa ndi labala inali yosowa. Mu 1979 dokotala wa ku Britain, A. F. Nutter, analemba za mayi wina amene ankatuluka ziwengo akangovala magolovesi ogwirira ntchito za pakhomo, koma pa nthawiyo zinkaoneka ngati za munthu mmodzi basi.

Zinthu zinasintha ndi kubwera kwa Edzi. Matendawa anadziwika koyamba ku America mu 1981, ndipo ku Malawi kuno wodwala woyamba anapezeka mu 1985. Mu 1987 bungwe la boma la America loona za matenda, la CDC, linatulutsa malangizo akuti wogwira ntchito m'chipatala azitenga magazi a munthu aliyense ngati angathe kukhala ndi kachirombo, posatengera maonekedwe a munthuyo. Mu 1991 malangizowa anasanduka lamulo la pantchito m'dzikolo, ndipo maiko ena anatengera njira yomweyo. Namwino amene kale ankavala magolovesi mwa apo ndi apo anayamba kuvala ndi kuvula kambirimbiri pa tsiku. Okolopa, ogwira ntchito mu labotale, madokotala a mano ndi onyamula odwala, onse anayamba kuvala. Mafakitale atsopano anatsegulidwa mwachangu, ndipo akatswiri ambiri amakhulupirira kuti m'changu chimenechi magolovesi ena sankatsukidwa mokwanira popanga, moti ankafika m'zipatala ali ndi mapuloteni ochuluka.

Zotsatira zake sizinachedwe. Pakati pa 1988 ndi 1992, bungwe la FDA, limene limayang'anira mankhwala ndi zipangizo za chipatala ku America, linalandira malipoti oposa 1,000 a anthu owengedwa ndi latex, ndipo anthu 15 anamwalira. Omwalirawa anali odwala amene anawalowetsa kachubu kokhala ndi nsonga ya latex ku njira ya chimbudzi powajambula matumbo. Mu 1997 bungwe lina loona za chitetezo cha anthu pantchito, la NIOSH, linachenjeza kuti mwa ogwira ntchito za chipatala 100 aliwonse ovala latex pafupipafupi, 8 mpaka 12 matupi awo anali atayamba kudana naye. Si onse amene ankaonetsa zizindikiro, koma kuyeza kunkasonyeza kuti vutolo layamba.

Pano timvetsetsane bwino. Malangizo a mu 1987 sanalakwe, ndipo anateteza anthu osawerengeka. Chimene chinkafunika kukonzedwa chinali mtundu wa magolovesi.

Kuyabwa si kumodzi

Munthu akati “magolovesi amandiwenga,” n'kutheka kuti akunena chimodzi mwa zinthu zitatu zosiyana. Kuzisiyanitsa n'kofunika, chifukwa chimene chimathandiza pa china sichithandiza pa chinzake.

Choyamba, chimenenso chimachitika kwambiri, sikuwengedwa kwenikweni koma kutopa kwa khungu. Ganizirani dzanja lotsekeredwa m'golovesi mwezi wa Okutobala, thukuta lili chuchuchu, likatuluka lisambe ndi sopo wamphamvu, ligwire madzi a Jik, lilowenso m'golovesi lisanaume. Khungu limauma, limafiira, limasuwa ndi kung'ambika, makamaka pakati pa zala ndi kuseri kwa dzanja. Izi zingachitikire wina aliyense ndi magolovesi a mtundu uliwonse. Chothandiza ndi kutsukuluza sopo yense, kuumitsa manja bwinobwino musanavale, kuvula mukangomaliza ntchito, ndi kudzola mafuta ofewetsa khungu mukaweruka. Koma chenjerani: Vaseline, mafuta ophikira ndi mafuta ambiri odzola amafooketsa latex mpaka kubooka. Dzolani mukamaliza ntchito kapena pogona, osati mukamavala magolovesi.

Chachiwiri ndi kuwengedwa ndi mankhwala olimbitsira labala aja, amene ena mwa iwo amatchedwa thiurams ndi carbamates. Kuwenga kumeneku n'kochedwa. Munthu amavala lero, koma tizilonda ndi matuza oyabwa ngati chikanga timatuluka mawa kapena mkuja. Kawirikawiri timalekezera pa mfundo ya dzanja, pamene golovesi amathera, ngati wina wachita kulemba mzere. N'kosautsa koma sikupha. Chofunika kudziwa n'chakuti mankhwalawa amapezekanso m'magolovesi ena opanda latex, choncho munthu akhoza kusintha magolovesi koma zilonda osatha. Wotereyu afunika magolovesi opangidwa popanda mankhwala amenewa. Dokotala wa khungu amatsimikiza vutoli pomata timankhwala tosiyanasiyana pamsana kwa masiku awiri, kenako n'kuona kamene kautsa khungu.

Chachitatu ndicho choopsa: kuwengedwa ndi mapuloteni a latex enieniwo. Mukudziwa kale za asilikali a m'thupi amene amalimbana ndi matenda. Mwa anthu ena asilikaliwa amasokonezeka, amaona puloteni ya mtengo wa labala ngati mdani, ndipo thupi limapanga zida zapadera zotchedwa IgE zoti zizidikirira mdaniyo. Izi zimachitika mwakachetechete, mwina kwa miyezi kapena zaka, munthu akuvala magolovesi popanda chovuta chilichonse. Tsiku lina zidazo zikakwana, latex akangokhudza thupi, maselo ena amatulutsa histamine ndi timadzi tina totupitsa. Pasanathe mphindi zochepa, kapena ola likachuluka, khungu limatuluka ziwengo zofufuma ngati walumidwa ndi udzudzu wambiri. Ena maso amafiira ndi kutuluka misozi, amayetsemula, mamina amachucha, chifuwa chimalira ngati cha mphumu. Kwa ochepa zimafika poti milomo, lilime ndi kukhosi zimatupa, kuthamanga kwa magazi kumatsika, munthu n'kukomoka. Madokotala amatcha zimenezi anaphylaxis, ndipo zikhoza kupha munthu m'mphindi zowerengeka.

Kuwengedwa kumeneku sikupatsirana. Si chizindikiro chakuti munthu ali ndi kachirombo ka HIV, ndiponso si kulodzedwa. Mankhwala okuchiziratu kulibe. Munthu amakhala bwino pongopewa latex. Ndipo kupirira sikuthandiza, chifukwa thupi silizolowera. Kwa ambiri, akamapitiriza kukhudzana ndi latex ndi pamene vuto limakula.

Mitundu itatuyi imakokanakokana. Khungu lathanzi lili ngati mpanda wolimba. Likang'ambika chifukwa cha sopo ndi thukuta, mapuloteni a latex amalowa mosavuta, ndiye vuto laling'ono lija limabala lalikulu. Ming'alu yomweyo ndi imene magazi a wodwala angadzere. Kachirombo ka HIV sikadutsa pa khungu labwinobwino, koma pa khungu la zilonda kakhoza kulowa, ngakhale kuti mpata wake ndi wochepa poyerekeza ndi kubayidwa ndi singano yogwiritsidwa kale ntchito. Pa kubayidwa ndi singano yokhala ndi magazi a munthu amene ali ndi kachiromboka, kafukufuku anapeza kuti pafupifupi anthu atatu mwa 1,000 amakatenga. Kachirombo ka matenda a chiwindi a hepatitis B ndiye kamapatsirana mosavuta kuposa pamenepa, n'chifukwa chake ogwira ntchito za chipatala amalimbikitsidwa kulandira katemera wake. Ngati magazi a munthu wina agwera pa chilonda chanu, m'maso kapena m'kamwa, sambani ndi madzi ambiri ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Mankhwala a PEP amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amamwedwa masiku 28.

Paudala wa m'magolovesi

Ambiri mwawaonapo magolovesi amene ukavula manja amatsala oyera ndi kaufa. Ufa umenewu ndi sitalichi wochokera ku chimanga, ndipo amauika kuti dzanja lizilowa mosavuta. Pawokha kawirikawiri suwenga munthu. Vuto lake ndi lakuti mapuloteni a latex amamatirira ku ufawo. Namwino akamakoka golovesi n'kulisiya kuti phwa, kapena akamavula mofulumira, ufa umauluka ndipo umatha kukhala mumpweya kwa maola angapo. Aliyense m'chipindamo amaupuma, ngakhale amene sanakhudze golovesi.

Apa ndi pamene nkhaniyi imasiya kukhala ya munthu mmodzi. Namwino wowengedwa ndi latex akhoza kugula yekha magolovesi opanda latex, koma ngati anzake a muwodi yomweyo akuvalabe apaudala, iye azibanikabe. Kumuteteza kumafuna kuti wodi yonse isinthe.

Umboni wakuti kusinthaku kumathandiza unachokera ku Germany. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 dzikolo linaika lamulo loletsa magolovesi a latex okhala ndi paudala m'malo a ntchito, ndipo zipatala zinayamba kugula opanda paudala okhala ndi mapuloteni ochepa. Pofika 2002 chiwerengero cha ogwira ntchito za chipatala okanena kuti awengedwa ndi latex chinali chitatsika ndi kuposa theka. Taonani kuti sanathamangitse latex yense. Anangochotsa paudala ndi kuchepetsa mapuloteni. Ku America bungwe la FDA linalengeza mu Disembala 2016 kuti magolovesi a chipatala okhala ndi paudala ndi oletsedwa, ndipo lamulolo linayamba kugwira ntchito pa 18 Januwale 2017. Chipatala cha Johns Hopkins chija, kumene magolovesi a labala anayambira, chinalengeza mu 2008 kuti chasiya kugwiritsa ntchito magolovesi a latex.

Ndani ayenera kusamala kwambiri?

Aliyense wovala latex tsiku ndi tsiku ali m'gulu limeneli, kuphatikizapo ogwira ntchito m'masaluni, m'makhitchini ndi m'mafakitale a labala. Chiopsezo chimakula kwa munthu amene ali kale ndi mphumu, chikanga kapena chimfine chobwera ndi fumbi. Chimakulanso kwa odwala amene anachitidwa maopaleshoni ambiri, makamaka ana obadwa ndi msana wosatsekeka bwino, vuto lotchedwa spina bifida, chifukwa amakhudzana ndi zipangizo za latex kuyambira ali makanda.

Palinso zipatso zina zimene mapuloteni ake amafanana ndi a latex, moti asilikali a m'thupi amalephera kusiyanitsa. Zodziwika kwambiri ndi nthochi, mapeyala ndi kiwi, nthawi zina mapapaya. Izi sizikutanthauza kuti tisiye nthochi. Koma munthu amene milomo imamuyabwa kapena kutupa akadya zipatsozi, kapenanso akafufuma baluni, auze a chipatala asanayambe ntchito yovala magolovesi.

Tisankhe magolovesi ati?

Kwa munthu amene latex amamuwenga, yankho n'lachindunji: asavale latex wa mtundu uliwonse, ngakhale wopanda paudala. Magolovesi a nitrile ndiwo amamuyenera pa ntchito zogwira magazi ndi zilonda. Nitrile ndi labala wopangidwa ku fakitale, alibe mapuloteni a mtengo, ndi wolimba, ndipo mafuta samuononga msanga ngati mmene amaonongera latex. Akabooka nthawi zambiri amang'ambika moonekera, munthu n'kudziwa kuti afunika kusintha. Ochita opaleshoni ali ndi awo opanda latex, opangidwa ndi neoprene kapena polyisoprene.

Magolovesi a vinyl ndi otchipa ndipo alibe latex, koma ndi okhwepa ndiponso amabooka msanga dzanja likamagwira ntchito. Ndi oyenera pa ntchito yaifupi yopanda magazi ambiri. Pothandiza mayi wobereka kapena munthu wovulala pangozi, vinyl si wodalirika.

Kwa amene alibe vuto, latex wopanda paudala komanso wa mapuloteni ochepa ndi wabwino ndithu. Ngati gulu lanu lili ndi ndalama zochepa ndipo silingakwanitse kugulira onse nitrile, chinthu choyamba kuchotsa ndi paudala. Sungani bokosi limodzi la nitrile la anthu owengedwa, odwala kapena osamalira odwala, ndipo ena asamalitenge mwachisawawa.

Phunzirani kuwerenga bokosi. Mawu akuti “powder free” amatanthauza kuti mulibe paudala, koma latex akhoza kukhalamo. Mawu oti muwafune ndi “nitrile”, “vinyl”, “latex free” kapena “not made with natural rubber latex”. Mawu akuti “hypoallergenic” asakupusitseni, chifukwa satanthauza kuti mulibe latex. Ku America analetsa kulemba mawuwa pa katundu wa latex kuyambira 1998. Mtundu wa golovesi nawonso si umboni. Ambiri amaganiza kuti lililonse labuluu ndi nitrile, koma alipo a latex abuluu. Ngati magolovesi abwera opanda bokosi, monga zimachitikira ndi katundu wogawidwa m'magulu a kumudzi, funsani amene wawabweretsa. Magolovesi okhuthala ochapira zovala ndi kukolopera nawonso ambiri ndi a latex, ngakhale alipo a nitrile ndi a PVC.

Ena amavala timagolovesi tansalu m'kati mwa a latex. Izi zimathandiza kuyamwa thukuta, koma siziteteza munthu amene mapuloteni a latex amamuwenga. Magolovesi ovala kamodzi asachapidwe n'kuvalidwanso, chifukwa amakhala ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Asungidwe pamthunzi, pamalo pozizira, chifukwa dzuwa ndi kutentha zimaumitsa labala. Kumudzi magolovesi akatha ndipo wodwala akufunika thandizo msanga, thumba la pulasitiki lochindikala, loyera ndi losabooka, monga lotha shuga, n'labwino kusiyana ndi dzanja lopanda kanthu. Mukavula magolovesi a mtundu uliwonse, sambani m'manja ndi sopo.

Si ntchito iliyonse imafuna magolovesi

Njira ina yotetezera manja, imenenso sifuna ndalama, ndi kusavala magolovesi pamene safunika. Malangizo a bungwe la WHO a mu 2009 a ukhondo wa m'manja amanena kuti poyeza kutentha kwa thupi, poyeza kuthamanga kwa magazi, posambitsa kapena kuveka wodwala amene alibe zilonda, magolovesi safunika. Amafunika pamene pali magazi, mafinya, chimbudzi, masanzi, zilonda, kapena pogwira m'kamwa ndi kumaliseche. Pa matenda ena opatsirana pongokhudzana, monga mphere, a chipatala amapereka malangizo apadera.

Kachirombo ka HIV sikapatsirana kudzera m'thukuta, misozi kapena kupatsana moni. Komabe alipo osamalira odwala amene amavala magolovesi akangofika pakhomo pa wodwala, kumudyetsa phala atavala, kumugwira paphewa atavala. Amaona ngati ndi kusamala, koma amaononga khungu lawo, amamaliza bokosi limene likanathandiza pa tsiku la zilonda, ndipo wodwalayo amadziona ngati chinthu chonyansa. Kumeneko ndi kusala, ngakhale wochitayo sanafune kutero. Agogo kapena malume anu akudwala, agwireni dzanja ndi dzanja lanu lenileni.

Nanga makondomu?

Funso limeneli likhoza kubwera m'kalabu mwanu, ndiye tiliyankhe mosabisa. Makondomu ambiri a abambo ndi a latex, choncho munthu amene magolovesi a latex amamuwenga akhozanso kuwengedwa ndi kondomu, kaya ndi mwamuna wovalayo kapena mkazi. Khungu la kumaliseche ndi lofewa kuposa la m'manja, moti kuwengako kumatha kukhala kwakukulu.

Koma anthu otere ndi ochepa, ndipo mawu akuti “kondomu imandiyabwa” asakhale pobisalira. Kuyabwa kumaliseche kawirikawiri kumabwera ndi zinthu zina: matenda opatsirana pogonana, mauka, kuuma, kapena mankhwala onunkhiritsa ndi ophera umuna amene amaikidwa pa makondomu ena. Mphekesera zakuti mafuta a m'kondomu ali ndi tizirombo ndi zabodza. Wovutika apite kuchipatala akamuyeze. Zikatsimikizika kuti ndi latex, njira zilipo. Kondomu ya amayi ya FC2 imapangidwa ndi nitrile, ndipo alipo makondomu a abambo a polyurethane ndi a polyisoprene. Onsewa amateteza ku HIV ndi mimba akagwiritsidwa ntchito moyenera. Amene sateteza ku HIV ndi makondomu opangidwa ndi matumbo a nkhosa, olembedwa kuti “lambskin”, chifukwa ali ndi timabowo timene kachirombo kangadutse. Kwa inu amene munasankha kudziletsa, dziwanibe zimenezi, chifukwa anzanu akamafuna malangizo amayamba kufunsa inu a m'kalabu.

Mnzanu akabanika mwadzidzidzi

Ngati munthu watuluka ziwengo m'manja mokha atavala magolovesi, avule nthawi yomweyo, asambe ndi sopo, asadzigwire m'maso, ndipo akaonane ndi a chipatala. Mankhwala monga Piriton amachepetsa kuyabwa, koma saletsa kubanika.

Ngati milomo kapena lilime zatupa, mawu asasa, akupuma movutikira, akuchita chizungulire kapena wakomoka, imeneyo ndi ngozi. Muchotseni pafupi ndi latex, ndipo inu omuthandiza musamugwire ndi magolovesi a latex. Mugonekeni chagada miyendo itakwezedwa. Ngati kupuma kukumuvuta kwambiri akhale tsonga, koma asaimirire kapena kuyenda yekha. Pezani njinga yamoto, galimoto kapena machira mwamsanga. Musataye nthawi ndi kumumwetsa madzi, mkaka kapena mankhwala azitsamba. Mankhwala opulumutsa moyo ndi jakisoni wa adrenaline wobaya pantchafu. Mukafika auzeni a chipatala kuti zayamba atakhudza latex, kuti naonso asamugwire ndi magolovesi omwewo. Ngakhale aoneke kuti wapeza bwino, adikire mpaka a chipatala amutulutse, chifukwa nthawi zina vutoli limabwereranso patapita maola angapo.

Munthu amene zoterezi zinamuchitikirapo apemphe kuti zilembedwe patsamba loyamba la buku lake la kuchipatala. Azinena yekha nthawi zonse akamapita kukazulitsa dzino, kusikelo ya amayi oyembekezera, kukabereka, ku mdulidwe kapena ku opaleshoni ina iliyonse. Asayese kudziyeza yekha pofufuma baluni kapena golovesi. Kuyeza kumachitika kuchipatala, pa khungu kapena pa magazi. Ngati ndi wogwira ntchito, auze omuyang'anira polemba kalata ndipo asunge kope lake. Ena amabisa poopa kuti achotsedwa ntchito kapena anenedwa kuti ndi aulesi, koma namwino wowengedwa ndi latex amatha kupitiriza ntchito yake bwinobwino ngati wodi yake yasintha magolovesi.

Zochita pa msonkhano wa kalabu

Mtsogoleri wa kalabu apemphe mabokosi otha a magolovesi kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena ku gulu losamalira odwala kumudzi. Bweretsaninso mapaketi osatsegula a kondomu ya abambo ndi ya amayi. Gawanani m'magulu a anthu anayi kapena asanu, ndipo gulu lililonse lipeze pa bokosi kapena paketi mawu osonyeza chimene chinapangira katunduyo, ngati muli paudala, ndi tsiku lotha mphamvu. Amene amadziwa kuti mabaluni kapena magolovesi amamuwenga asagwire mabokosiwo. Iye akhale mlembi.

Kenako chitani kasewero. Mmodzi akhale wosamalira odwala amene wasiya kuvala magolovesi chifukwa manja amamuyabwa, wina akhale mnzake. Mnzakeyo afunse mafunso oti adziwe mtundu wa vutolo: kuyabwako kumayamba patapita nthawi yotani atavala, kumalekezera m'manja kapena kumafika m'maso ndi m'chifuwa, nanga akadya nthochi kapena mapeyala zimakhala bwanji. Oonerera anene ngati malangizo amene aperekedwa ali oyenera. Pomaliza sankhani anthu awiri oti akafunse kwa amene amagula kapena kugawa magolovesi a gulu la m'dera lanu ngati n'kotheka kupeza opanda paudala ndi bokosi limodzi la nitrile, ndipo adzafotokoze yankho lake pa msonkhano wotsatira.